Maloto a Damião pa Sete de Abril

Ku Ulongwe ukafunsa za Damião wa ku Lifidzi, anthu ankayamba aseka kaye, kenako n'kukulozera komwe kukulira ng'oma. Paukwati, pabatizo, pafesta ya sikola, iye ankakhala ali pomwepo, kamera paphewa, akuyenda chobwerera m'mbuyo pakati pa anthu osapunthwa. Akagwira kamera analibe mantha ndi munthu. Ankatha kuuza ngakhale bambo padre kuti asunthe pang'ono chifukwa akutchinga kuwala. Koma akangoiika pansi, mkazi n'kumuyang'ana m'maso, lilime linkauma gwa.

Mkazi mmodzi yekha ndiye anapirira naye mpaka lilimelo kufewa. Ameneyu anali Violeta, pulofesora wophunzitsa ana ku Fonte Boa, wakuseka kwake komveka tsidya lina la msewu. Tsopano nkhani yawo inali itafika poti Loweruka likubweralo a Tarsisio, malume ake a Damião, akagogode kwawo kwa Violeta. Chotsala chinali chimodzi, koma chachikulu: a Benedita, mayi ake a Violeta, anali asanavomere.

* * *

Lamulungu masana awiriwa anakhala pakabenchi kuseri kwa baraka yogulitsa zakudya pamerikado, msika wa m'tawuni, mbale ya batata yokazinga ili pakati pawo. Kamphepo ka Abril kanali katayamba kale kuluma m'makutu.

"Yambiranso," anatero Violeta akunyambita mchere pachala. "Pamene paja mizere ikupuma."

Damião anatsinzina. Malotowa anali atamubwerera kambirimbiri, moti anaganiza zowasandutsa filime, yake yoyamba yopanda mkwati ndi bolu, keke ya paukwati.

"Mwamuna waima m'munda wa batata, nkhungu ili mbuu. Mizere ikukwera ndi kutsika ngati chifuwa cha munthu wogona. Kenako pamzere uliwonse pakudzuka mkazi. Onse avala zofanana. Akutalika, akutalika, mpaka kupitirira bulugamu. Mtima ukumukokera kwa iwo, koma miyendo ikuthawa yokha. Patsogolo pali mayi wamkulu, maso ngati makala a moto. Akutambasula dzanja. Asanamukhudze, mwamuna uja wadzidzimuka. Filime yatha."

"Ndiye akaziwo akuti chiyani?"

"Sayankhula. Ndi maloto."

"Akazi odzaza munda wonse, popanda ndi mmodzi yemwe wotsegula pakamwa?" Violeta anawomba m'manja. "Amenewo ndi maloto a mwamuna ndithu! Nanga iyeyo akuwafuna kapena akuwaopa?"

"Zonse ziwiri," anatero Damião motsitsa mawu. "N'chifukwa chake ndikufuna ndiijambule. Mwina ndikaiona pakhoma ndidzamvetsa."

Violeta anamuyang'ana kanthawi, kuseka kutachepa. Anatola batata yopsa bwino n'kumupatira.

"Dzulo amayi anandifunsa kuti, 'Kodi mnyamata wako uja nkhope ali nayo?'"

Damião anatsamwa.

Mwambo uliko, inde. Mkamwini sayang'ana apongozi ake kumaso. Akakumana nawo panjira amapatuka, n'kunyonyomala chapatali mpaka adutse. Anyamata ambiri a masiku ano amangowerama pang'ono, basi zatha. Koma Damião mwambowo anaunyamula pamutu ngati thumba la chimanga. Tsiku lina ali pamota wake, njinga yamoto, munjira ya ku Fonte Boa, wina atamuuza kuti akubwerawo ndi mayi ake a Violeta, analumphira m'munda wa nyemba za eni ake, mota n'kuusiya ukulira pamsewu. Ali gone m'nyembamo, chomwe anaona chinali nsapato zapulasitiki zobiriwira zikudutsa pang'onopang'ono. Ngakhale chithunzi chawo cha patelefone ankakana kuchiona. Violeta akachitsegula, iye ankaphimba maso ndi chipewa.

"Ndi ulemu umenewo," anadziteteza.

"Ulemu umanyonyomala, Dami. Suthyola nyemba za anthu."

"Hermínio ndiye sathawa, eti?"

Hermínio anali mwini kamiyau, lole yonyamula batata kupita ku Kalomwe, ndipo nayenso diso lake linali pa Violeta. Sankadutsa pakhomo pa a Benedita osaima, ndipo moni wake unkatenga nthawi yophikira nyemba.

"Hermínio sathawa chifukwa palibe chomwe ndinamulonjeza. Kwa amayi iye ndi mwana wa anthu chabe. Koma akumuona, ndipo amayi amakhulupirira zomwe aona." Anapukuta zala pakapulana yomwe anamanga m'chiuno. "Tamvera. Amayi akakana Loweruka, ine sindidzazemba nawe ngati mbuzi yakuba. Ndikufuna udzalowe pakhomo pathu dzuwa likuswa mtengo, anthu akuona."

"Nanga akakana ndithu?"

"Ndiye uyesetse asakane," anatero Violeta, n'kutenga batata yotsiriza.

* * *

Tsiku lojambula linali litasankhidwa kale: Sete de Abril, tsiku la amayi, pamene akazi a chigawo chonse amavala kapulana imodzi n'kudzaza misewu ya Ulongwe ndi nyimbo. Akanawapezanso kuti akazi ovala zofanana ochuluka chonchi? A Dulce, mtsogoleri wa amayi a pamerikado, anali atavomera kumubwereka gulu lawo m'mawa, perete asanayambe.

Kutatsala tsiku limodzi, telefone ya Damião inayamba kulira ngati yagwidwa ndi mizimu. Yoyamba inali awudiyo ya Emílio, mnzake amene anayenera kusewera mwamuna wa m'malotoyo.

"Mano, m'bale wanga, undikhululukire. Akunyumba akuti ngati ndikufuna kuthamangitsidwa ndi akazi, ayamba iwo, ndipo sipafunika kamera. Epa, ndayesa. Peza wina."

Asanameze zimenezo, inalowa mensaji ya Violeta.

"Hermínio anabwera ndi shuga. Wauza amayi kuti filime yako ikuonetsa akazi ngati afiti otuluka m'manda."

Damião analemba mofulumira. "Si manda, ndi mizere ya batata! Ndiye amayi ati chiyani?"

"Ati, 'Ndamva.'"

"Basi?"

"Basi. Akamati ndamva ndiye kuti zoona amva."

"Mawa abwera ku Ulongwe?"

"Akuti bondo likuwawa, akhala pakhomo. Puma."

Anapuma ndithu. Kenako anamuuza za Emílio, n'kuwonjeza kuti mwina filimeyo ingoiwalika.

"Maloto ndi a ndani?" anafunsa Violeta.

"Anga."

"Ndiye thamanga wekha. Kamera ndigwira ine."

"Ndi yolemera, Violeta."

"Kuposa ndowa ya madzi? Kuposa mwana wa achemwali? Undionetse podina, basi."

Damião anayang'ana mensajiyo nthawi yaitali. Kamera yake inali isanagwidwepo ndi munthu wina. Komanso anali asanaimepo kutsogolo kwake, kopanda pobisala.

"Puronto, ndavomera," analemba.

Violeta anayankha ndi kankhope koseka mpaka misozi.

* * *

M'mawa wa Sete de Abril nkhungu inabwera ngati yachita kuitanidwa. Munda wa batata wa kunja kwa tawuni, pafupi ndi pomwe magalimoto amatsitsira anthu, unali mbuu, mizere ikungooneka misana. Amayi a pamerikado anafika akuimba, onse m'kapulana yachikasu ya maluwa ofiira, maduku ofanana. Koma sanabwere okha. Kamiyau iliyonse ikatsitsa amayi a kumidzi, iwo ankaona anzawo m'munda n'kutsetserekera komweko kudzaona. Posakhalitsa munda wonse unali chikasu chokhachokha.

Ina mwa makamiyauwo inali ya Hermínio. Anali atanyamula amayi a ku Fonte Boa mwaulere, ndipo tsopano anakhala pamwamba pa kabini, miyendo ili lende, telefone m'manja. Damião anamuona, n'kumusiya. Kunali ntchito, ndipo pantchito Damião anali munthu wina.

"Amayi, bon diya nonse! Aliyense agwade kuseri kwa mzere wake. Ndikati asau, mudzuke pang'onopang'ono, ngati utsi. Osaseka, chonde!"

Munda wonse unaseka.

"Iwe mnyamata, maondo athu wawalipira?" anakuwa wina.

"Akatijambula tikuoneka okalamba, timulanda kamerayo!"

Damião anaonetsa Violeta pogwira ndi podina, n'kumuuza kuti agwade pansi, kamera iloze m'mwamba, kuti amayiwo azioneka atali ngati mitengo. Kenako anayamba kuyenda m'mizere kufunafuna mayi wamkulu wa m'maloto. Ankayang'ana nkhope imodziimodzi, mopanda manyazi, monga amachitira akamasankha poima mkwati. Uyu womwetulira kwambiri. Uyu wamanyazi. Uyu akutafuna chingamu.

Kumapeto kwa munda anaima chilili. Panali mayi wina wamfupi, wojintcha, manja atapinda pachifuwa, akumuyang'ana ndi maso omwe aja, a makala a moto. Tsitsi la Damião linaima.

"Inu!" anafuula mwachimwemwe. "Ndi inuyo! Bwerani, mayi."

Anawagwira dzanja n'kuwakokera pakati pa munda. Phokoso la amayi a ku Fonte Boa linazima zii, koma iye sanamve. Kuseri kwa kamera Violeta anadzuka, pakamwa pali yasa. Mayi aja anangomuponyera diso limodzi, n'kupukusa mutu pang'ono. Violeta anagwadanso, ataluma mlomo.

"Imani apa. Ayi, chakuno." Damião anawagwira mapewa n'kuwatembenuza. Anawakonzanso duku, lomwe linali litapendekeka. "Tukulani chibwano. Eya! Tsopano mundiyang'ane m'maso. Mundiyang'ane ngati ndine kamnyamata kachabechabe kamene kakufuna mwana wanu."

Kumbuyo wina anatsamwa n'kuyamba kutsokomola.

"Zimenezo sizivuta," anatero mayi aja. Mawu awo anali ofatsa, olemera. "Koma bambo, ndimamva kuti mufilime mwanumu ndife afiti."

"Afiti? Ayi, mayi! Amene ananena zimenezo ndi wabodza."

"Nanga munthu wanuyo akuthawa chiyani? Tamulanda chiyani?"

Damião anakanda m'mutu. Anali asanafunsidwepo chonchi ndi munthu amene akumujambula. Koma popeza anali mlendo, woti mawa sadzaonananso naye, anayankha zoona.

"Simunamulande kanthu. Analeredwa ndi akazi okhaokha, mayi ake ndi azilongo ake, bambo atapita ku Joni osabwerako. Zonse zomwe ali nazo anapatsidwa ndi akazi. Ndiye amaopa kuti tsiku lina adzamuyang'anitsitsa n'kuona kuti pa zonse zija sipanatuluke munthu wokwana."

"Ndiye akathawa amakwana?"

"Ayi."

"Hmm," anatero mayi aja. "Ine ndinena chiyani mufilimemu?"

"Palibe, mayi. Mungotambasula dzanja. Akazi a m'malotowa sayankhula."

"Pa Sete de Abril?" Anatembenukira gulu lonse. "Amayi, mwamva? Tadzuka kusanache, tavala kapulana yatsopano, kuti tidzaime ngati zitsa m'maloto a mwamuna!"

Munda unaphulika.

"Ayi takana!"

"Chaka chonse timakhala chete, lero ndiye ayi!"

"Akalote ziboliboli kwawo!"

Damião anayang'ana Violeta kuti amuthandize. Violeta anali atabisa nkhope kuseri kwa kamera, mapewa akugwedezeka.

"Chabwino," anagonja. "Yankhulani zomwe zibwere. Ine ndithamanga mpaka pamtengo wa pichesi apo, ndigwa pansi, ndadzidzimuka, tamaliza. Nkhungu ikutha, amayi, chonde! Violeta, dina. Asau!"

* * *

Zomwe zinachitika m'mundamo anthu a ku Ulongwe akuzikambabe.

Amayi anadzuka m'nkhungu pang'onopang'ono, mzere ndi mzere, chikasu chikutuluka m'dothi. Panalibe woseka. Wina kumbuyo anayamba kung'ung'udza nyimbo yapamtondo, enawo n'kuilandira, mpaka munda wonse unkamveka ngati mng'oma wa njuchi. Damião anaiwala kuti ndi sewero. Awa anali maloto ake enieni, atatuluka m'mutu n'kuima pamaso pake. Mtima unamukokera kutsogolo. Miyendo inatembenuka yokha, liwiro.

Amayi anamutsata, osathamanga, akungoyenda. Iye analumpha mizere, napunthwa, nadzuka, mpaka pamtengo wa pichesi. Anadzigwetsa pansi n'kutsinzina monga anakonzera.

"Korta! Tatha!" anakuwa ali chigonere.

"Sitinathe," anayankha mawu olemera aja pamwamba pake. "Lero simudzidzimuka, bambo. Dzukani."

Anatsegula maso. Anali atazunguliridwa. Kamera inali pomwepo, pakati pa mapewa a amayi awiri, kanyali kofiira kakuyaka.

"Mwathawa, takupezani. Taonani manja athu. Muli mpeni? Muli nkhwangwa?"

"Mulibe."

"Ndiye imani ngati munthu, munene chomwe mukufuna kwa ife."

Damião anadzuka, dothi lili mbuu pamalaya. Anayang'ana mayi aja m'maso, ndipo mawu anatuluka okha, osakonzekera.

"Ndikufuna mmodzi. Dzina lake Violeta, ndi uyo wagwira kamerayo. Ndilibe kamiyau. Ndili ndi mota wakale ndi ntchito yojambula chimwemwe cha anthu ena. Amandiseka tsiku lililonse, ndipo tsiku limene sanandiseke ndimadwala. Sindikufuna kumutenga ngati katundu. Ndikufuna ndikamange kwawo, ndizilima kwawo, akamayankhula ndizimva. Mayi ake ndimawaopa kuposa mphenzi. Koma akandilola, ndidzasiya kuthawa."

Nthungululu zinang'amba nkhungu. A Dulce anavula duku n'kumalikupiza m'mwamba. Mayi aja sanaseke, koma makala a m'maso mwawo anali atasanduka china chake. Anatambasula dzanja, monga m'maloto muja, ndipo ulendo uno Damião sanadzidzimuke. Analilandira ndi manja awiri.

Apo ndi pomwe mawu a Hermínio anatsika kuchokera pamwamba pa kamiyau.

"Anthuni, bwerani mudzaone malodza! Mkamwini wagwira apongozi ake dzanja! Wawagwira mapewa, wawavula duku! A Benedita, si ndinakuuzani ine kuti ameneyu alibe mwambo?"

Dzina lija linamugwera Damião ngati madzi a m'chitsime cha Juni. Pang'onopang'ono anatsitsa maso. Kapulana yachikasu. Akakolo. Nsapato zapulasitiki zobiriwira.

Munda wa nyemba unali pafupi, kuseri kwa mtengo wa pichesi. Miyendo yake inauona iye asanauone. Chidendene chinali chitanyamuka kale pamene anamva mawu a Violeta, otsika.

"Dami. Kamera ikadali kuyaka."

Anaima. Anapuma kamodzi, mozama. Kenako anabwerera m'mbuyo pang'ono, navula chipewa, nagwada m'dothi lonyowa, maso pansi, akuwomba m'manja mwaulemu.

"Amayi, ndalakwa. Sindinakudziweni. Chilango chilichonse ndilandira. Koma zomwe ndanena zija sindibweza ngakhale liwu limodzi."

Ngakhale a Dulce anasiya kukupiza duku.

"Mukanandidziwa bwanji," anatero a Benedita, "poti chiyambire mumangondionetsa msana? Ine ndimayesa mwana wanga akukwatiwa ndi malaya." Amayi a m'mundamo anayamba kuseka chamumtima. "Bondo langa likuwawadi. Koma nditamva kuti kuli mnyamata akutisandutsa afiti, ndinati ndikadzionere ndekha. Ndaona. Duku sanandivule, Hermínio, anandikonza. Linapendekeka ndi mabampu a kamiyau yako."

Chikhakhali chinabuka. Hermínio anatsika pakabini n'kulowa mkati, chitseko pha!

"Tsono mlandu ulipo," anapitiriza a Benedita. "Munthu sagwira apongozi ake mapewa n'kupita chabe. Mubweretse nkhuku. Yaikazi, yonenepa, osati tambala wokalamba. Ikadyedwa imeneyo, ine ndi inu tizilankhulana ngati anthu, nyemba za eni ake zipume."

"Ndamva, amayi."

"Chachiwiri, filimeyi muyambe kutionetsa ife ku Fonte Boa. Mukadulamo mawu anga ngakhale pang'ono, ndidzadziwa."

"Sindidula, amayi."

"Chachitatu, pamapeto pamene mumalemba mayina paja, mulembe kuti anajambula ndi mwana wanga."

"Ndilemba ndi zilembo zikuluzikulu."

"Puronto. Auzeni a malume anu abwere Loweruka. Mphasa tiyala."

Zomwe zinatsatira Damião sanazione bwino. Amayi anamunyamula ngati thumba la batata, wina anamumanga kapulana m'chiuno, ndipo analowa m'tawuni ali pakati pa perete, mwamuna yekhayekha m'nyanja yachikasu, akuvina moipa kwambiri moti ana a sikola anagwa pansi ndi kuseka. Violeta ankayenda chobwerera m'mbuyo patsogolo pake, kamera paphewa, osapunthwa.

* * *

Dzuwa litapendeka anakhalanso pakabenchi kaja kuseri kwa baraka, mitu itagundana pakagalasi ka kamera. Anabwereza malo aja amayi akudzuka m'nkhungu. Zinali zokongola kuposa maloto.

"Apa unagwedeza," anatero Damião, pofuna kupeza chonena.

"Ndimaseka. Unali utangowauza amayi anga kuti atukule chibwano."

"Bwanji sunandiuze, iwe?"

"Anandiletsa ndi diso. Ukulidziwa tsopano diso lija." Anatsamira paphewa pake. "Komanso ndimafuna ndione ngati uima."

"Ukanapanda kuyankhula ndikanakhala ndili ku Lifidzi pano."

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake ndinayankhula." Anabweza filimeyo pang'ono. "Tamvera apa. 'Tsiku limene sanandiseke ndimadwala.' Zoona zimenezi?"

"Anali mawu a mufilime."

"Wabodza!"

Anamutsina m'nthiti, iye n'kugwira dzanja lotsinalo osalisiya. Mwini baraka anawabweretsera batata ina osaitanitsa, ati ya mkamwini wa amayi onse a Angónia.

Telefone ya Violeta inalira. Anaiyang'ana akumwetulira, kenako kumwetulirako kunazimirira.

"Ndi a malume. A Serafim."

A Serafim, mlongo wawo wa a Benedita, ndiwo anali nkhoswe ya Violeta. Loweruka a Tarsisio anayenera kukhala pamphasa moyang'anana ndi iwowa, ndipo popanda iwo panalibe chokambirana. Anali atatumiza kavidiyo ndi awudiyo. Kavidiyoko kanali kojambulidwa kuchokera pamwamba, patali. Kankaonetsa Damião akukoka a Benedita padzanja, akuwatembenuza mapewa, akuwagwira kumutu. Kanathera pomwepo. Kugwada kunalibe, nkhuku kunalibe.

Violeta anadina awudiyo.

"Violeta, ichi n'chiyani? Mudzi wonse wachiona. Mlongo wanga kukokedwa pagulu ngati ng'ombe ya pamsika! Kaya iye waseka, zake zimenezo. Ine pamphasa ndi anthu amenewo sindikhala. Uwauze asavutike n'kubwera."

Damião sanazengereze. Anaimirira, nakoleka kamera paphewa.

"Mawa m'mawa ndipita kwa a Serafim. Ndikawaonetsa zonse, kuyambira poyamba mpaka pa nkhuku. Mwamuna mnzanga sindimuopa."

Violeta anamukoka malaya kuti akhale pansi.

"Dami, a malume telefone yawo ndi ya mabatani. Satha kutumiza vidiyo, wina wawatumizira. Ndipo mawu aja a ng'ombe ya pamsika si awo."

"Nanga ndi a ndani?"

"Pakhomo paja chilichonse chimene a malume amanena chimayamba chaphikidwa ndi akazi awo, a Páscoa. Ukafuna a malume asinthe, uyenera kuima pamaso pa a Páscoa."

"Chabwino. Ndi munthu wotani?"

"Wamtali," anatero Violeta. "Saseka. Ndipo Hermínio ndi mlongo wawo wamng'ono, anamulera okha pamsana."

Damião anakhala pansi pang'onopang'ono. Bondo lake lamanzere linayamba kuvina lokha. Violeta analiyang'ana, naikapo dzanja lake kuti likhale bata.

"Nkhuku ugule ziwiri," anatero.